Manja Ozolowera

Munthu wocokera pakati pa mzinda wa Lusaka, akatsata mseu wa Lumumba nakhotera mu Commonwealth Road, amapyola Matero yense mpaka atafika ku Lilanda, moyandikana ndi komboni ya George. Kumeneko, kuseri kwa nyumba ina ya mabuloko, pansi pa mtengo wa mango, kumagona galimoto yoyera imene ana a m'deralo anaipeza pobadwa, monganso anaipezera makolo ao. M'nyengo yacisanu ya caka ca 2024 galimotoyo inakhala masabata asanu ndi limodzi yopanda ciongolero. Odutsa anali kusuzumira pa zenera, naona bowo lokha pamalo pa ciongolero, ndi mawaya alikulendewera ngati mizu ya kacere. Ena anaseka, ena anapukusa mitu nati, "Yatha basi, yakalamba pamodzi ndi mwini wace."

Mwini waceyo ndi mkulu wa zaka zoposa 70, Mcewa wa ku Katete. Anabwera ku Lusaka mu 1968, caka cimene ndalama ya Kwacha inalowa m'malo mwa mapaundi, nayamba nchito yokweza ndi kutsitsa matumba pa malole. Pambuyo pace anakhala wopatsira masipanala kwa makanika wina, ndipo potsiriza anakhala dalaivala. Poyamba anali kukhala ku George m'kanyumba ka zidina. Koma pamene Boma linayamba kukonza makomboni mu 1974, ndi kulambula miseu pakati pa nyumba zothithikana, iye anali mmodzi wa iwo amene anapeza malo ku Lilanda. Galimotoyo anaigula mu 1981 kwa mlimi wina wa ku Chisamba, itayenda kale zaka zingapo, ndipo mabuloko a zipinda ziwiri zakumbuyo kwa nyumba yace anatutidwa ndi iyo yomwe.

Ndi Peugeot 404, ya mtundu umene anthu a m'Zambia amaucha vaneti: kutsogolo mpando umodzi wautali, kumbuyo bokosi la katundu. Magalimoto a 404 anayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo m'Africa anachuka kopambana cifukwa ca kupirira kwao pa miseu ya fumbi ndi ya maenje, kotero kuti eni ace atawaleka, ku Kenya anapitiriza kuwamanga kufikira 1991. Injini yace ya petulo ndi ya 1618 cc, yopendekera cammbali ngati munthu wotsamira khoma. Koma cimene cimazizwitsa anyamata a makono ndi giya. Ndodo ya giya siili pansi pakati pa mipando iai. Ili pa mpini wa ciongolero pomwepo, pafupi ndi zala za woyendetsa, ndipo cifukwa ca ici anthu atatu amakhala kutsogolo popanda wina kugundidwa bondo.

Kuwerenga zonse zimene vanetiyo inanyamula m'zaka 43 sikungatheke. Inanyamula makala, mcenga, cimanga cocokera kumudzi ndi katundu wa osamuka. Usiku inathamanga ndi amai amene nthawi yao yakwana, kupita nao kucipatala ku Matero. Koma nchito imene inaipatsa ulemu inali ya maliro. Munthu wosauka akamwalira m'deralo, anamfedwa sanali kufunsa kuti bokosi lidzafika bwanji ku manda a Chingwere. Anali kudziwa kuti m'mawa vaneti yoyera idzaima pakhomo, ndi kuti mwini wace adzalandira ya petulo yokha.

Kuciyambi kwa 2024 kunafika mnyamata wocokera ku Katete, mwana wa mlongo wace wa mkuluyo. Anali atatsiriza Grade 12 nakhoza bwino, makamaka masamu, koma ndalama zopitira ku koleji panalibe, ndipo m'munda munalibenso ciyembekezo, pakuti mvula inadula cimanga cisanabereke. Pa mwambo wa Acewa malume ndiye mwini mbumba, ndipo mwana wa mlongo akasowa pogwira amathawira kwa iye. Mnyamatayo analemba makalata ambiri ofunsira nchito, nayenda nao m'maofesi ndi m'masitolo kufikira nsapato zinamthera, yankho silinabwere. Poona kuti alikungokhala, malume wace anamtengera cilolezo ca ophunzira kuyendetsa, nati, "Bwera ndikuphunzitse. Satifiketi yako siidzaola podikira."

Anali kuphunzirira pa bwalo la mpira, madzulo ana atabalalika. Tsiku lacitatu mnyamatayo anaimitsa galimoto nati, "Amalume, ciongolero ici cili ngati cosamangika. Ndikapotoza, galimoto imayamba yaganiza, ndipo pambuyo pace imakhota." Mkuluyo anapsa mtima. "Iwe wagwira ciongolero masiku atatu, ine zaka makumi asanu. Cosamangika ndi manja ako." Mnyamata anakhala cete monga ayenera mwana, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Patapita masabata awiri, mkuluyo anali kubwera kucokera ku msika wa Soweto atanyamula matumba a kabici a mai wina wogulitsa. Masiku amenewo madzi anali kuvuta, pakuti magetsi opopera madzi anali kuzimazima, ndipo miseu ya m'komboni inali yodzala ndi ana onyamula zigubu. Kamtsikana ka zaka ngati zisanu kanapulumuka m'dzanja la mkulu wace, nikathamangira mu mseu. Galimoto inali kuyenda pang'onopang'ono. Mkuluyo anaponda buleki napotoza ciongolero kumanja, koma galimoto siinakhote pomwepo. Inapitirira molunjika mapazi awiri kapena atatu, ndipo kenaka inakhota mopitirira muyeso, nikagunda thebulo la tomato m'mbali mwa mseu. Mwanayo sanakhudzidwe. Kacigubu kace ndiko kanaphwanyika pansi pa tayala. Anthu amene anathamangirako anamtamanda mkuluyo nati ndi dalaivala weniweni, wakale saphonya. Iye analipira tomato, natula kabici, napita kwao. Nsima ya madzulo sanaikhudze.

Kutaca anadzutsa muphwa wace dzuwa lisanatuluke. Anamkhazika pa mpando wa dalaivala, nalemba mzere ndi coko pamwamba pa ciongolero, ndi mzere wina pa dashibodi molunjikana nao. Iye mwini anagwada kutsogolo, naika cikhatho pa tayala. "Potoza pang'onopang'ono. Ndikati ima, uime." Mnyamata anapotoza, ciongolero cinayenda, tayala lili duu. Cinayendabe. Pamene mkuluyo anamva tayala lilikusuntha nafuula kuti "Ima!", mizere iwiri ija inali itasiyana mpata wolowa zala zisanu. Ciongolero ca mtundu umenewu cikakhala bwino, mpatawo suyenera kupitirira cala cimodzi. Mkuluyo anaimirira, nayang'ana mizereyo nthawi yaitali. "Unanena zoona," anatero. Ndipo kwa munthu wa msinkhu wace mau awiriwa anali olemera koposa thumba la simenti.

Kodi zinatheka bwanji kuti dalaivala wa zaka makumi asanu asazindikire cimene mwana wa masiku atatu anacimva? Cifukwa cace ndi cakuti citsulo ndi mphira sizitha tsiku limodzi. Zimadyeka pang'onopang'ono, mocedwa koposa kukula kwa cikhadabo, ndipo tsiku liri lonse manja amaonjezera kanthu kakang'ono pa kupotoza kwao, osamuuza mwini wace. Mkuluyo anali atazolowera kuyamba kukhota asanafike pokhotera. Pa mseu woongoka anali kugwedeza ciongolero uku ndi uku monga mai agwedeza licero, ndipo galimoto inali kuyenda molunjika ndithu. Luso lace lomwe ndilo linabisa matenda a galimoto. Koma luso lotere limafuna kuti munthu adziwiretu kumene ati akhotere, ndipo mwana wothamangira mu mseu sacenjeza.

Pofuna kumvetsa cimene cinaonongeka, nkoyenera kudziwa njira imene lamulo la dzanja limayendamo kufikira ku matayala. Ciongolero cimamangidwa ndi nati imodzi yaikulu pamutu pa ndodo yacitsulo yochedwa shafiti. Shafitiyo imazungulira m'kati mwa paipi yomangidwa kunsi kwa dashibodi; paipi ndi shafiti pamodzi ndiwo mpini wa ciongolero, umene amakanika amati kolamu. Kuti shafiti isagwedere m'paipimo imagwiridwa ndi mphete yochedwa bushi. Kumunsi kwace, cakufupi ndi injini, shafiti siigundana ndi citsulo cinzace. Pakati pali mbale yokhuthala ya mphira, yaikulu ngati cikhatho, ya mabowo anai: mabauti awiri amaimanga ku shafiti, awiri enawo amaimanga ku mbali ya kagudumu ka mano kochedwa pinyoni. Mphirayo imameza kunjenjemera kwa mseu kuti kusafike m'manja, ndiponso imalola zitsulo ziwirizo kupindika pang'ono galimoto ikagwa m'dzenje. Pinyoni ikazungulira imakankha mpiringidzo wa mano, raki, kumanja kapena kumanzere, ndipo raki imakoka matayala ndi mikono yace iwiri. Injini ikafa, galimoto imangoima. Buleki ikafooka, pamatsala giya ndi handibuleki. Koma mbale ya mphira ija ikaduka galimoto ilikuyenda, ciongolero cimazungulira cokha m'manja ngati mbale ya ndiwo, ndipo palibe cina cothandiza.

Aphungu sanasowe. Wina anati galimoto igulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha, amene amayesa pa sikelo nalipira pa kilo. Woocherera zitsulo wa pafupi anati acotse mphirayo, iye aocherere shafiti ku pinyoni, ndipo mpata wonse udzatha lero lomwe. Wina anati adule mbale yatsopano ku tayala lakale. Apa mkuluyo anaseka mowawa, naulula kwa muphwa wace cimene sanauze munthu. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa m'dziko, ndipo m'zaka za m'ma 1980 masipeya anali osapezeka m'masitolo. Mbale ya mphira yeniyeni itatha, bwenzi lace logwira nchito ku mgodi wa ku Kabwe linamtengera cidutswa ca lamba wonyamulira miyala, ndipo iye anadulapo mbale zitatu. Ziwiri zinatha kale. Yacitatu ndiyo inali m'galimoto.

Nkosayenera kunyoza luso lotere, pakuti m'zaka zija magalimoto ambiri a m'Zambia anayenda cifukwa ca anthu odziwa kusandutsa lamba, waya ndi cubu cakale kukhala sipeya. Citseko cikhoza kumangidwa ndi waya, ndi mpando kukhalira pa thabwa, osafa munthu. Koma ciongolero ndi cina. Lamba alibe timapaipi tacitsulo m'mabowo monga ili nato mbale yeniyeni, motero bauti imadya bowo, ndipo bowo likakula bauti imayamba kugogoda ndi kudyeka nayonso. Kuocherera ndiko koopsa koposa: moto umasintha kulimba kwa citsulo m'mbali mwa msoko, ndipo popeza mphira yomeza mabampu palibenso, msokowo umang'aluka m'kati mosaoneka, nuduka tsiku limene palibe akuliyembekeza. Mkuluyo anadziwa zonsezi, ndipo anawathokoza aphunguwo mwaulemu. Mau amene anamlasa anali a mkazi wace. "Bambo, gulitsani. Maliro a eni ace mwanyamula okwanira. Musadzatibweretsere maliro opanga nokha." Sanayankhe.

Lolemba anagula kabuku kolembamo ana a sukulu ndi pensulo, naika mpando pansi pa mango, nati msana ulikumpweteka, motero sipanala agwire mnyamata. Lamulo loyamba linali lakuti asamasule kanthu asanakajambule m'kabukumo. Waya uli wonse unamangidwa kapepala ka nambala. Nati iri yonse ndi washala wace zinaikidwa m'zitini, malo amodzi citini cimodzi. Mnyamatayo anafuna kungojambula zithunzi ndi foni yace; malume wace sanamletse, koma anati, "Foni yako imatha moto, ndipo magetsi kulibe. Lemba."

Anayamba ndi kucotsa waya wa batire, pakuti pa mpini wa ciongolero pamapita mawaya a nyali ndi a kiyi, ndipo sipanala ikakhudza waya wamoto ingathe kutentha galimoto yonse. Anaongola matayala kuti ayang'ane kutsogolo, nawachinga ndi miyala. Anakhoma kacizindikiro ndi msomali pamutu pa shafiti ndi pa ciongolero, kuti pobwezera zidzakomane pomwe zinasiyanirana. Pamene anamasula nati yaikulu, mkuluyo anamletsa kuicotseratu. "Isiye pa mazinga atatu. Ciongolero cokana kutuluka cimadzatuluka modzidzimutsa, ndipo amene amacotseratu nati amalavula mano." Anamletsanso kumenya mutu wa shafiti ndi nyundo, cifukwa mazinga akaphwanyika nati siilowanso. Tsono nchito inali yothira palafini, kugwedeza, kudikira, ndi kuthiranso. Ndipo ciongolero cinagonja madzulo a tsiku laciwiri. Kunatsatira ndodo za giya kumunsi, mabauti ogwira paipi kunsi kwa dashibodi, ndi mabauti anai a mbale ija, amene dzimbiri linawamata. Lacinai mpini wonse unatuluka, nugonekedwa pa citseko cakale.

Mbale ya lamba inali yong'alukang'aluka, ulusi wace uli panja. Mabowo amene anali ozungulira anali atatalika ngati nyemba. Bauti imodzi inali itadyeka pakati, nitsala ngati ciuno ca mavu. Mkuluyo anaitembenuza m'zala zace osanena kanthu. Anali atapangana kale ndi anzace a kwao kuti kumapeto kwa August adzawanyamula kupita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, ulendo wa makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road, kupyola mapiri a Manenekela kumene mseu umakhotakhota pamwamba pa maphompho. Bautiyo anaiika m'thumba la jekete yace.

Bushi nayo inali itatha, kotero kuti shafiti inali kugogoda m'paipi. Koma panali zokondweretsa. Anatsuka shafiti, naigubuduza pa galasi la kabati yakale, ndipo inagubuduka mosalala popanda kudumpha, inali yoongoka. Raki ndi pinyoni zinali zolimba, zofuna girizi watsopano ndi mphira zochinga fumbi cabe.

Bushi yatsopano inayenera kusemedwa, ndipo kuti isemedwe panafunika muyeso weniweni wa shafiti ndi wa m'kati mwa paipi. Mkuluyo anabwereka coyesera ca amakanika, ca timizere tating'ono tosonyeza magawo a milimita. Anacibweretsa pafupi ndi nkhope, nacitalikitsa, natembenukira kudzuwa. Potsiriza anacipereka kwa mnyamata nati, "Werenga iwe, ndiwe unaphunzira masamu." Polandira, mnyamatayo anayang'ana malume wace m'maso, naona kamtambo koyera m'diso lamanzere. Pomwepo anazindikira cifukwa cace vaneti inaleka kuyenda usiku caka catha, ndi cifukwa cace msana unayamba kupweteka tsiku lomwe nchito ya tinati tating'ono inayamba. Anakumbukanso kuti kamtsikana kaja kanacokera kumanzere. Anawerenga muyeso, naulemba m'kabuku, osachula kanthu.

Kufuna mbale ya mphira kunatenga nthawi koposa nchito yonse. Anazungulira masitolo a masipeya m'tauni ndi m'mbali mwa mseu wa Lumumba, nalowa ndi ku Soweto komwe. Ciyambire zaka za m'ma 1990, pamene malonda ndi maiko akunja anatsegulidwa, magalimoto ogwiritsidwa kale nchito ocokera ku Japan anadzaza dziko, ndipo mashelefu anadzala ndi za Toyota, Nissan ndi Mitsubishi. Anyamata ogulitsa anali kuitembenuza mbale ya lamba ija nafunsa kuti, "Ndi ca makina anji ici, a cigayo?" Wogulitsa wina wacikulire anatulutsa mbale ya galimoto ina, yofanana ndithu, koma mabowo ace osiyana pang'ono, nati angowakuza ndi tupa. Mkuluyo anaibweza. "Kukula kwa mabowo ndiwo matenda amene tilikuciza."

Apa foni yonyozedwa ija inaonetsa nchito yace. Mnyamatayo analingalira kuti dziko limene linatsiriza kumanga magalimotowa silingasowe masipeya ace, nafufuza pa intaneti kufikira anapeza wogulitsa wina ku Nairobi amene anali nayo yatsopano. Anatumizirana zithunzi pa WhatsApp, mbale ili pambali pa rula, nayerekeza ndi miyeso ya m'kabuku. Mkuluyo anakana kutumiza ndalama kwa munthu wosamuona nkhope. Koma m'chalichi mwao munali dalaivala wa malole opita ku Mombasa kudzera ku Nakonde, ndipo iye anavomera kukaiona ndi maso, ndi kulipira ataigwira m'manja.

Ndalama zace zinali zosakwana, pakuti galimoto yogona siibweretsa kanthu, ndipo ufa unali utakwera mtengo cifukwa ca cilala. Usiku wina mkazi wace anamasula mfundo ya citenje, naika ndalama pa thebulo. Inali nthawi yace yolandira cilimba. "Izi ndinati ndigulire malata a khichini. Tengani. Koma ndili ndi mau amodzi: ikakonzeka, woyendetsa akhale mwanayu. Maso anu ndimawadziwa ine, pakuti ndine ndimakuuzani nambala za nyimbo m'chalichi." Mkuluyo anati, "Tidzaona, Mai." Maiyo anamyang'ana, nazisiya ndalamazo pomwepo, nakagona.

Bushi inasemedwa ku mafakitale, kwa mmisiri wa makina osemera zitsulo. Caka cimeneco madzi a m'nyanja ya Kariba anacepa kwambiri, ndipo magetsi anali kubwera maola owerengeka, kawirikawiri pakati pa usiku. Mnyamatayo anagona m'shopumo usiku uwiri pa makatoni, atafungatira shafiti ngati mkondo. Usiku waciwiri nyali zinayaka nthawi ya 1 koloko. Mmisiri anadzuka osasukusula, naika cidutswa ca buronzi pa makina, ndipo isanakwane theka la ola bushi inali itatha. Anaiyesa pa shafiti: inalowa ndi kukankha kwa cala cacikulu, nizungulira popanda kugwedera.

Mbale ya ku Nairobi inafika patapita masabata atatu, yokulungidwa m'nyuzipepala. Kubwezera kunayenda mwacangu, pakuti kabuku kanali kunena zonse, kuyambira tsamba lomariza kubwerera ku loyamba. Mawaya amene anali atasupuka anakulungidwa, ndipo ndodo za giya zinapakidwa girizi. Mnyamata atati watsiriza, mkuluyo anagona cagada pa thumba, nalowa kunsi kwa galimoto, msana uja utacira mwadzidzidzi, napapasa nati iri yonse ndi zala. Pa nati yacinai ya mbale anaima. "Iyi ndi yakale." Mnyamatayo anavomera kuti yatsopano inagwera mumcenga, ndipo iye anatenga ina m'citini. Manati atsopanowo ali ndi kamphete ka pulasitiki m'kati kogwira mazinga kuti asamasuke ndi kunjenjemera, yakaleyo inalibe. Anabwereka sefa ya ufa kukhichini, nasefa mcenga wa pansi pa mango kufikira dzuwa linapendeka, ndipo natiyo inapezeka. Pambuyo pace ananyamula kutsogolo kwa galimoto ndi jeke, naikhazika pa zitsa, napotoza ciongolero kucokera kumapeto kufika kumapeto alikuwerenga, kuti aone ngati pakati pace pali pakati ndithu. Analembanso mizere ya coko. Tsopano mkuluyo anafuula kuti "Ima!" mnyamata asanadziwe kuti wayamba kupotoza, mpata sunakwane ndi cala comwe.

Loweruka m'mawa anansi anasonkhana. Mkuluyo anabvala jekete, nakhala pa mpando wa dalaivala, muphwa wace ali pambali; mkazi wace anaima pakhomo atapinda manja. Injini inalira, galimoto inatuluka. Koma itangolowa mu mseu inayamba kuyenda ngati munthu wocokera ku mowa, kumanja, kumanzere, kumanjanso. Manja aja anali kugwedezabe licero monga anazolowera, koma tsopano kugwedeza kuli konse kunali kufika ku matayala. Pokhota anayamba msanga monga mwa masiku onse, ndipo tayala linatsala pang'ono kugwera mu ngalande. Anthu anaseka, poyesa kuti alikuwaseweretsa. Atafika pa bwalo la mpira anaimitsa galimoto, nakhala cete, manja ali pa ciongolero.

"Galimoto yacira," anatero potsiriza. "Matenda atsala m'manja angawa."

Anatsika, nazungulira kutsogolo, natsegula citseko ca kumanzere. "Sendera uko." Mnyamata anasendera pa mpando wautali uja kufikira anakhala kumbuyo kwa ciongolero, ndipo pobwerera kunyumba galimoto inayenda molunjika ngati cingwe ca omanga.

Ku Kulamba caka cimeneco sanapite. Anzace aja anakwera basi. Mnyamata anakhoza mayeso a kuyendetsa kwa a RTSA kuciyambi kwa 2025, ndipo pamene vaneti inapita kukayesedwa fitinesi, woyesayo anagwedeza ciongolero, nasuzumira kunsi, naitana mnzace kuti adzaone galimoto imene anali asanaigwirepo. M'mwezi wa March mkuluyo anakacotsedwa ng'ala kucipatala, ndipo tsopano nambala za nyimbo amaziwerenga yekha. Koma kiyi sanaiitanitsenso.

Mvula itabwera bwino, m'mwezi wa June 2025 ananyamuka atatu kukatenga cimanga ku Katete: mnyamata pa ciongolero, maiyo pakati, mkuluyo ku zenera. Anapyola Chongwe ndi Rufunsa dzuwa lisanatenthe. Pamene anayamba kutsika mapiri a Manenekela kulinga ku mlatho wa Luangwa, maiyo anaona manja a mwamuna wace alikugwedezeka pa maondo, uku ndi uku, alikuyamba kukhota galimoto isanafike pokhotera. Anawagwira nati, "Bambo, pumulani." Mkuluyo anayang'ana manja acewo, nawalowetsa m'matumba a jekete, m'mene munali bauti ija ya ciuno ca mavu, ndipo anati kwa muphwa wace, "Bweza giya. Pano usadalire buleki."